Nyali ya Ismund

Granträsk, 9 Febuluwale 2004

Mwana wanga Ronny,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino ku Göteborg kumeneko. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija. Chipale chofewa chaunjikana mpaka pa zenera la kukhitchini. Nkhuni zatsala mizere iwiri ndi theka, zifika Epulo ndikamasamala.

Ndikulembera chifukwa cha mlongo wako. Loweruka pa 7 Ylva anabwera kuchokera ku Lycksele ali ndi buku m'chikwama. Analiika patebulo, nakhala pansi osavula jekete. Ndinamuthirira khofi, sanamwe. Ndinafunsa kuti, "Ndi buku la Ronny lija kodi?" Iye anati, "Ayi Bambo, ndi la Kennet Sjölund. Musalitsegule." Kenako analira, n'kulibweza m'chikwama.

Koma pachikuto ndinali nditaona kale. Pali munthu wanyamula nyali dzanja lina, dzanja linalo mpeni wosendera chikopa. Pansi pake palembedwa kuti Ismund.

Ine sukulu ndinaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo masewera anu sindinawamvetse nkomwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachisanu lililonse munkakhala anayi m'khitchini mwanga, iwe, Ylva, mng'ono wako Pontus ndi mnzanu Kennet. Iwe unkasimba nthano, enawo aliyense ali ndi ngwazi yake yolembedwa papepala, madayisi, timiyala ta manambala tija, n'kumagamula amene wapulumuka ndi amene wafa. Ndikudziwanso kuti Ismund anali ngwazi ya Pontus kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ntchito yake inali yotulutsa ana osochera m'nkhalango ndi nyali yake. Nyali imeneyo ndi yomwe tinaisemetsa pa mwala wa pamanda a Pontus. Inadya makorona 1,400 apadera, ndipo sindinadandaulepo.

Chaka chatha, pamene unatulutsa buku la masewera anu, unandiuza kuti mayina onse watsekera. Nanga dzina limeneli likutani m'buku la Kennet? Undiyankhe msanga, ndipo zilembo zikhale zazikulu.

Bambo ako,
Holger

Göteborg, 19 Febuluwale 2004

Bambo,

Moni, ndipo pepani za bondolo. Ine sindili bwino ayi. Sabata ino chakudya chikukanika kutsika.

Ndifotokoze pang'onopang'ono. Buku langa ndinalitulutsa ndi chilolezo chotseguka. Kutanthauza kuti aliyense angathe kutenga zam'katimo, kulemba buku lakelake, n'kugulitsa osandipempha. Ambiri akuchita choncho masiku ano, ndi mmene masewera amafalira. Koma mwini buku amaloledwa kupatula zina, kunena kuti izi nzanga, musakhudze. Ine ndinalemba kuti mayina onse a m'mutu wa Ngwazi ndi otsekedwa, zina zonse nzotseguka.

Ismund mulibe m'mutu wa Ngwazi. Lamulo la tebulo lathu mukulidziwa: ngwazi ikafa timawotcha pepala lake, ndipo dzina lake silikhalanso pamodzi ndi amoyo. Ndiye ndinamuika kumapeto kwenikweni, pa tsamba lomwe tinalitcha Manda, ndi mizere isanu ndi umodzi yonena za nyali yake. Ine ndi Ylva tinagwirizana zimenezo. Palibe anaganiza kuti manda amafuna loko.

Kennet anaganiza. M'buku lake Ismund amakopa ana ndi nyali ija, akafika nawo pakati pa nkhalango amawasenda amoyo, chikopa n'kukutira nyali. Muli tsamba loti osewera aponye dayisi kuti adziwe kuti mwana wamupeza ali ndi zala zingati zotsala. Ndipo nkhope yake, Bambo, ndi ya Pontus. Mpata wa m'mano uja ulipo. Anapatsa wojambula chithunzi cha pa tsiku lomaliza sukulu.

Ndinamuimbira foni. Ndinati, "Iwe galu, wachita chiyani?"

Iye akuseka: "Aa, bwana mlembi! Tawerenganso tsamba lako lomaliza, m'bale. Zonse nzololedwa. Ndakuthokozanso koyambirira kwa buku, sunaone?"

Wasindikiza mabuku 500, limodzi makorona 120, ndipo ali kale m'masitolo. Ndapeza loya amene akuti mwina tingamugwirire pa nkhopeyo, koma za dzina wapukusa mutu. Akufuna makorona 9,000 kuti ayambe. Ine ndilibe, zonse zinapita kwa osindikiza. Ndithandizeni. Si za ine ayi, ndi za Pontus.

Ronny

Granträsk, 2 Marichi 2004

Mwana wanga Ronny,

Moni. Kalata yako ya pa 19 inafika pa 25. Ndaiwerenga katatu ndipo ndamva. Sindikukuimba mlandu, ngakhalenso Ylva.

Ku banki ndili ndi makorona 31,250. Za loya sinditumiza. Usakwiye. Ndalamazi ndili nazo ntchito, ndipo ndidzakuuza ikatha, chifukwa ndikanena pano mundiletsa nonse awiri. Wati mabuku ndi 500, limodzi 120. Ngati ndakopera molakwa undikonze.

Masiku ano ndimakumbukira Lachisanu lija, pa 26 Marichi 1999, titachokera kumanda. Munakhala patebulo awiri, iwe ndi Ylva, n'kundipempha kuti nditsegule chitseko cha mbaula. Aliyense anatchula dzina la Ismund kamodzi komaliza, monga mwa lamulo lanu, kenako pepala linalowa pamoto. Ine sindinali wa masewera, koma mtima wanga unakhalako pansi. Ndinaona kuti moto umamaliza nkhani.

Ndikukumbukiranso kuti Kennet anaima kumsewu, pafupi ndi bokosi la makalata, chipewa chili m'manja. Iwe unatuluka n'kumuuza kuti akayandikira umuthyola khosi, poti njinga yamoto yoyenda pachipale imene inamira ndi Pontus m'nyanja youndana ija inali yake. Anaima pomwepo mpaka utsi unatha pa chumuni.

Pa Pasaka ubwere kuno. Ndidzaphika palt, mibulu ya mbatata ija, ndi nyama ya nkhumba mkati, monga ankachitira mayi ako. Ylva wavomera. Tikiti ya sitima ndidzakubwezera ukafika, ngati padzatsale kanthu.

Bambo ako,
Holger

Göteborg, m'rimandi, 15 Epulo 2004

Bambo,

Moni. Mwamva kale kwa apolisi, koma ndikufuna mumve kwa ine.

Kalata yanu ya Marichi sindinaiyankhe chifukwa inandipweteka. Munati ndalama muli nazo ntchito ina. Ndinaganiza za denga la khola lija, ndinati basi, Bambo atopa nayo nkhani ya Pontus, ndatsala ndekha. N'chifukwa chake sindinabwere pa Pasaka.

Loweruka pa 10 kunali chionetsero cha masewera m'holo ya sukulu ina kuno. Sindinapite kukamenya munthu, ndikulumbira. Ndinapita kukagulitsa mabuku anga. Koma tebulo la Kennet linali mzere womwewo, ndipo pakati pake anaikapo nyali yeniyeni, yachitsulo ndi galasi, ataikuta ndi chikopa cha nkhumba. Anthu akudutsa n'kumaisisita, akuseka.

Anandiona. "Ronny! Bwera udzaone mmene mng'ono wako akuyendera malonda! Oyamba aja atha onse. Kwathu kumpoto akuwalimbirana ngati nkhuni m'chisanu, munthu mmodzi makumi awiri. Ndasindikizanso chikwi!"

Ndinati, "Chotsa chinthucho patebulo."

"N'chotseguka, bwana. Unasaina wekha." Kenako anatsitsa mawu. "Kapena ufuna undithyole khosi lija? Zaka zisanu ndikudikira."

Ndinainyamula nyaliyo ndi manja awiri n'kumumenya nayo kumaso. Galasi linaswekera pa diso lake lakumanzere. Anagwa chagada ndi mpando womwe. Ndinalumpha tebulo, bondo pachifuwa pake, n'kupitiriza ndi chitsulo chotsalacho. Ndinamva mphuno yake ikuphwanyika. Madayisi anamwazikira m'magazi, anthu akuterereka nawo pothawa. Anandikoka amuna atatu. Wina ndinamuluma dzanja, wina anandithyola chala. Kennet sanakuwe. Ankangoti, "Diso langa, Ronny. Lili kuti diso langa?" ngati ndamubisira m'thumba.

Madokotala akuti disolo alichotsa Lolemba.

Boma landipatsa loya wake, kamnyamata koyasamula. Ngati denga lingadikire, tumizani ndalama zija tsopano. Ndipo mundiuze zoona, kumudziko anthu akuti chiyani?

Ronny

Granträsk, 22 Epulo 2004

Iwe Ronny,

Moni wako ndi ameneyu: ndiwe chitsiru. Ndikulemba ine chifukwa Bambo sangathe kukhala tsonga.

Ndalama palibe. Denga lake liti? "Munthu mmodzi makumi awiri" amene Kennet ankanyadira uja ndi bambo ako. Mwezi wonse wa Marichi ankakwera basi kupita ku Umeå, ku Skellefteå, kulowa m'masitolo a masewera ndi chipewa chawo cha m'nkhalango chija, ena n'kumaitanitsa pa positi. Anagula mabuku 260. Anawawotcha m'mgolo wa mafuta kuseri kwa khola, limodzilimodzi, aliyense osadziwa. Ku banki kwatsala makorona 50. Nditawafunsa anati, "Inu munawotcha pepala nkhani n'kutha. Ndimati ndikuthandizeni."

Iwe unkatukwana mumtima, iwo akununkha utsi.

Tsopano umve zomwe watibweretsera. Lamlungu pa 18 masana, tikumwa khofi, kunabwera galimoto. Azichimwene ake a Kennet, Mats ndi Urban. Mats anali ndi chitsulo choboolera madzi oundana. Anayamba ndi mazenera a kukhitchini, onse atatu, magalasi kugwera m'shuga. Ndinawauza Bambo kuti akhale pansi, koma umawadziwa. Anatuluka atavala masokosi okha.

Urban anati, "Madala, tabwera kudzatenga diso."

Bambo anati, "Lowani kaye anyamata, khofi akadali wotentha."

Mats anawamenya ndi chitsulo m'nthiti. Anagwa pa masitepe, ndipo Urban anayamba kuwaponda ndi nsapato, kumsana, kumutu, uku akunena kuti, "Ili ndi la Kennet, ilinso ndi la Kennet." Ine ndinatenga fosholo yochotsera chipale. Urban ndinamutema nayo pakhutu, khutulo linatsala likulendewera, magazi pa chipale ponse. Mats anandigwira tsitsi n'kundigunditsa pa khoma. Dzino langa lakutsogolo lapita. Anachoka chifukwa Urban ankakomoka.

Bambo athyoka nthiti zitatu. Kuchipatala anauza dokotala kuti anagwa pa makwerero. Apolisi atabwera anawauzanso zomwezo, n'kundiyang'ana mpaka ndinatseka pakamwa. Bambo akuti diso limodzi lakwana, Gunvor, mayi a Kennet, asaonenso ana awo awiri ali m'ndende.

Wafunsa kuti anthu akuti chiyani. Nyuzipepala zalemba, ndi chithunzi cha chikuto chija. Amene sankamudziwa Ismund pano akumudziwa. Ndiwe wamulengeza.

Tsamba la Manda tinapangana tonse, sindikukana. Koma nyali unanyamula wekha. Ukufuna masokosi angati? Akuti m'menemo mumazizira.

Ylva

Granträsk, 17 Meyi 2004

Mwana wanga Ronny,

Moni. Ndayamba kuyenda. Kupuma kukupwetekabe, makamaka ndikatsokomola. Mazenera tatseka ndi matabwa. Za chigamulo ndamva, zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Ndalemba pa kalendala.

Za mabuku aja Ylva wakuuza. Ndinkayesa ndapitirira theka. Sindinkadziwa kuti buku likagulidwa limabereka.

Loweruka pa 15 ndinapita kwa Gunvor, kumene Kennet akuchirira. Ndinatenga mabanzi a sinamoni. Gunvor anatsegula chitseko, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ali kukhitchini. Nsapato uvule." Urban anali panja akuwaza nkhuni, mutu uli m'bandeji. Anayang'ana kumbali.

Kennet ndinavutika kumuzindikira. Mphuno yapindika, ndipo pamene panali diso pali thonje.

Ndinati, "Kennet, unkadya m'nyumba mwanga Lachisanu lililonse. Pontus anakulakwira chiyani?"

Anati, "Palibe, Bambo Holger. Anali mnzanga. Njinga ija anachita kundipempha katatu."

"Nanga bwanji wamudzutsa kumanda n'kumupatsa mpeni?"

Anatembenuza mutu wonse kuti andione. "Sindinadzutse munthu ine. Lamulo la tebulo limati aliyense wa patebulo atchule dzina, pepala lisanalowe pamoto. Aliyense. Tinalipanga tili anayi. Ine ndinali pa bokosi la makalata. Ndiye Ismund sanafe. Munangomusiya m'nkhalango zaka zisanu, wopanda womuitana. Mumayesa akatulukamo ali wotani?"

Lamulo limenelo unalidziwa, Ronny?

Ndinati, "Tiye kwathu, mbaula ilipo. Ukatchule, tithane nazo, mabukuwo uwachotse."

Anaseka pang'ono, ndipo zinamupweteka. Anati mabuku angathe kuleka kusindikiza, koma sizithandiza. Chilolezo chimenecho munthu akapereka sichibwezedwa, ndipo buku lakenso linatuluka ndi chilolezo chomwecho, losatsekera kalikonse. Chitulukireni nkhani m'nyuzipepala, wina ku Germany ndi wina ku Denmark alengeza kale mabuku awo a Ismund Wosenda. "Si wanu, si wanganso," anatero. "Ndi wa aliyense."

Ndikuvala nsapato anabwera pakhomo atagwira khoma. Anati, "Bambo Holger." Ndinadikira. Ndiye anatchula dzina lija, kamodzi, motsitsa, monga munachitira inu. Ndinamuthokoza. Mabanzi sanadye, koma Gunvor sanandibwezere.

Ukufuna ndikutumizire chiyani? Undiuze masiku amene amalola alendo.

Bambo ako,
Holger

Granträsk, 28 Juni 2004

Mwana wanga Ronny,

Moni. Makalata ako awiri, ya pa 1 ndi ya pa 14, ndalandira. Ukufunsabe ngati pali loya wina amene angatseke dzinalo. Ndafunsa Ylva, naye wafunsa anthu. Palibe. Usadzivutitsenso.

Dzulo Lamlungu ndinapita kumanda ndi maluwa, monga ndimachitira chikondwerero cha pakati pa chilimwe chikatha. Ndinapeza galimoto yachilendo pa geti, ndi achinyamata anayi pa manda a Pontus. Anamva kuti manda a Ismund weniweni alipo, ndipo nyali ya pamwala ndi imene inawatsogolera. Anali ataika chidole chachikulu ngati mwana wa chaka chimodzi, atachisenda nsalu kuyambira kumutu, n'kuchithira utoto wofiira. Mpeni anazika pa udzu, pamene pali chifuwa cha Pontus. Mmodzi anagona pambali pake, wina akujambula.

Ndinati, "Ameneyo ndi mwana wanga."

Wojambulayo anati, "Zoona? Ndinu bambo ake a Ismund? Imani apo, madala, tikujambuleni limodzi!"

Ndinazula mpeniwo, ndipo ndinakhala nawo m'dzanja nthawi yaitali kuposa mmene ndikanafunira. Ndinakumvetsa, Ronny. Iwo anaona nkhope yanga, anathamangira ku galimoto osatenga chidole chawo.

Lero m'mawa ndinapitanso ndi nyundo ndi tchizulo. Kwa abusa sindinapemphe. Ndinayambira pa chogwirira cha nyali ya pamwala ija, kenako galasi, lawi ndinamalizira. Mwala umenewo ndi wolimba, ndipo nthiti zinkandiletsa kukweza dzanja, koma pofika masana inali itachoka. Kachidutswa kanandicheka pa tsaya, si kwambiri. Utoto ndinatsuka ndi mafuta a nyali.

Ylva anabwera ndikumaliza. Anaima, n'kunena kuti, "Bambo, nyali ya Pontus." Ndinamuuza kuti nyali inali ya Ismund, ndipo Ismund wapita ndi anthu ake. Analira, kenako anandithandiza kutola zidutswa.

Udzakwiya, ndikudziwa. Ukadzatuluka udzapite ukaone wekha. Pamwamba pali bala loyera, lalikulu ngati chikhatho changa. Pansi pake palembedwa Pontus Marklund, 1977 mpaka 1999. Dzina limenelo tinamupatsa ine ndi mayi ako pa 3 Julaye 1977, ndipo silinalowepo m'buku la munthu aliyense.

Masokosi atatu ali m'phukusi. Amalola alendo pa 11 Julaye, ndidzabwera ndi basi ya m'mawa.

Bambo ako,
Holger